Excel Saga yasiya kuseketsa pa episodi 24, kodi yawonongeka?

Funso la lero lachokera kwa achimwene ena amene anapatsidwa Excel Saga, katuni ya nthabwala ya ku Japan, pa fulashi ndi mnzawo, aonera mpakana episodi 24 ndipo akhumudwa. Alemba kuti: "Katuni imeneyi ndimaseka nayo mpaka misozi, koma kuyambira pa 23 zinthu zasintha, pa 24 sindinaseke olo kamodzi. Kodi anasintha anthu opanga? Nanga pa fulashi pali ma episodi 26 pomwe pena ndawerenga kuti alipo 25, wa 26 ndi wabodza? Ndipitirize kapena ndisiye? Azing'ono anga angaonere nawo?"

Achimwene, pitirizani. Palibe amene anachotsedwa ntchito, ndi anthu omwewo a situdiyo ya J.C.Staff, dailekitala ndi yemweyo Shinichi Watanabe, ndipo kusaseka kwanu pa 24 ndi chimene iwowo amafuna. Episodi 26 ndi yeniyeni koma ili ndi nkhani yakeyake, ndifikako. Ya azing'ono anu yokha ndiyankhiretu pompano kuti ayi, makamaka 26 asaiyandikire nkomwe. Tsopano ndifotokoze bwinobwino chifukwa ine ma episodi omalizawa ndi amene anandipangitsa kuti katuniyi ndiziilemekeza, osati kungoseka nayo basi.

Tiyambe ndi chinthu chomwe mwakhala mukuchiona ma episodi onse 24 koma mwina simunachiganizire kwambiri, chidindo chija. Episodi iliyonse isanayambe pamabwera mkulu wa magalasi uja, amene akuimira Koshi Rikdo mlembi wa manga (nkhani ya mmabuku a zojambula a ku Japan) yomwe katuniyi inachokerako, nkunena kuti ine ndikuvomereza kuti Excel Saga sabata ino ikhale mtundu wakutiwakuti, kenako phwaa chidindo chofiira pa pepala. Ku Japan chidindo chotere amachitcha hanko, chimagwira ntchito ngati siginecha pa mapepala a ku banki, a nyumba, a ku ofesi, nde nthabwala yake ndi yoti mwini nkhani akusayinira yekha kuti nkhani yake aiphwanye sabata ndi sabata. Ndipo amaiphwanyadi. Sabata ina ndi filimu ya nkhondo ya mu nkhalango, ina ndi gemu ya zibwenzi, ina zoopsa za mu mapaipi a zonyansa pansi pa mzinda, ina bowling, ina baseball ya ku sukulu, ina ya galu Menchi yekha ali pa ulendo, ina achotsa amuna onse kuti akope oonera, ina apita ku America. Dzina lake lonse mu Chijapani ndi Heppoko Jikken Animation Excel Saga, kutanthauza kuti katuni yoyeserera zinthu yomwe akudzinena okha kuti ndi yosalongosoka. Mawu oti kuyesererawo ndi amene muwagwire.

Nde ngati wayesa mtundu uliwonse wa nkhani kwa masabata opitirira 20, chatsala nchani chomwe katuni ya nthabwala sinayesepo? Kukhala opanda nthabwala. Episodi 24 ndi imeneyo. Chidindo cha sabata imeneyo chikuvomereza zimenezo, kuti nthabwala zichotsedwe. Ndiye musaione ngati galimoto yaphonya msewu, ndi msewu womwewo wangofika pomwe umalowera.

Koma yankho limeneli palokha ndi lozizira, likungofotokoza mmene anaganizira pa pepala, silikufotokoza chifukwa chake inu munakhumudwa mpaka kulemba kalata. Munthu sakhumudwa ndi chinthu chomwe sichinamukhudze. Chomwe chinakukhudzani anayamba kuchimanga pa episodi 1.

Kumbukirani mmene inayambira. Excel, mtsikana mwini nkhaniyi, akutuluka pa geti ya sukulu tsiku lomaliza maphunziro, akuimba akudumphadumpha kuti akupita ku ACROSS, bungwe lofuna kulanda dziko lonse, lole nkumugunda, nkufera mu ambulasi mphindi zoyambirira zenizeni. Kenako pakubwera Great Will of the Macrocosm, chija chooneka ngati mlalang'amba wozungulira chokhala ndi manja aakazi, nkunena kuti sizingatheke mwini filimu kufa poyamba pomwe, nkubweza zonse mmbuyo. Mu episodi yomweyo Il Palazzo, bwana wake amene Excel amamukonda kuposa moyo wake, amamupha ndi mfuti chifukwa cholongolola, Great Will nkubwezanso. Hyatt, mtsikana mnzake wa ku ACROSS, akabwera amafa kangapo pa episodi imodzi, atsokomola magazi, wagwa, pakapita kanthawi wadzuka akupepesa mwaulemu. Il Palazzo akatopa ndi phokoso la Excel amangokoka chingwe, pansi nkutseguka, Excel nkugwera mu dzenje, sini yotsatira ali bwinobwino akufuula moni wa bwana wake. Zonsezi zikukuphunzitsani phunziro limodzi mobwerezabwereza, kuti muno mulibe chomwe chimapweteka, imfa ndi yobwereka, kugwa ndi masewera. Ndipo inu munavomera, munasiya kumudera nkhawa mtsikanayu, mumangodikira kuti lero agwera pa chani.

Episodi 22 ndi imene imayamba kuchotsa chitetezo chimenechi koma mwakachetechete, chifukwa pamwamba pake ndi nthabwala yokhayokha, nkhondo ya mumlengalenga ya ma Puchuu aja, tinthu tokongola ngati zidole tomwe tikamenyedwa nkhope imasanduka ya bambo wachikulire wolusa. Akuseka makatuni akale a zombo za mumlengalenga. Koma kumapeto kwake chinthu chachikulu chimagwera pa F City mzinda nkuphwasuka, ndipo sabata yotsatira mzindawo ukadali wophwasuka. Apa mpamene pali kusintha. Kwa nthawi yoyamba zomwe zinachitika dzulo zafika lero.

Episodi 23 ndi yoseka Fist of the North Star, nkhani yotchuka ya mma 1980 ya mwamuna wankhonya woyenda mu chipululu dziko litatha ndi nkhondo ya mabomba, yomwe imati zinachitika mchaka cha 199X. Nde taganizani, katuni yomwe inayamba mu 1999, nthawi yomwe ku Japan nkhani ya ulosi wa Nostradamus woti dziko litha chaka chimenecho inali yodziwika kwa aliyense kuyambira mma 1970, ikufika kumapeto kwake mu 2000 nkuika Excel mu mabwinja ndi zigawenga za tsitsi losongoka. Kwa oonera a kumeneko zinali zoseketsa kawiri. Ndipo mumaseka ndithu mpakana mphindi zomaliza, pomwe Excel wavutika kufunafuna bwana wake, wamupeza, ndipo Il Palazzo akumuwombera. Chinthu chomwechomwecho chomwe anachita pa episodi 1 ife tikuseka. Mfuti, bwana yemweyo, mtsikana yemweyo. Kusiyana kwake nkoti ulendo uno palibe amene akubwera kudzabweza, nyimbo yoseketsa palibe, Excel sakudzuka kuti afuule moni. Ine ulendo woyamba ndinadikira ndithu kuti manja aja atulukira pakona, sanatulukire, ndipo mpamene ndinazindikira kuti kwa ma episodi 22 ndakhala ndikuseka munthu amene amagona ndi njala, amagwira maganyu osatha, amakonda munthu amene samuona nkomwe ngati munthu.

Pajatu umphawi wa Excel si nthabwala yongopeka. Manga inayamba mu 1996, Japan ili mkati mwa zaka zovuta chuma chitagwa kumayambiriro kwa mma 1990, achinyamata ambiri akumaliza sukulu osapeza ntchito yokhazikika, kumangodumpha ganyu uyu ganyu uyo. Excel ndi Hyatt akuti ndi asilikali a bungwe lofuna kulanda dziko lonse, koma amakhala mu kachipinda ka lendi, ndipo galu anamutola pa msewu amamusunga ngati ndiwo ya tsiku lomwe zinthu zidzavutitsitse. Anyamata a chipinda choyandikana nawo, Watanabe (osati dailekitala uja), Iwata ndi Sumiyoshi, ndi ofunafuna ntchito amene amathera ku khonsolo ya mzinda pansi pa Kabapu, bwana wa ndevu zachilendo uja amene nayenso amawagwiritsa ntchito ngati zipangizo. Olo Pedro, amene timamuseka akamalira misozi ngati mathithi, ndi munthu wobwera kuchokera ku South America kudzagwira ntchito ya zomangamanga kuti adyetse mkazi ndi mwana kwawo, nkufa ndi moto pa ntchitopo, mzimu wake nkukapeza mnzake Gomez walowa mnyumba mwake. Mukachotsa phokoso ndi liwiro, nkhani zonsezi ndi zachisoni kuyambira kale. Episodi 24 sinabweretse chisoni chatsopano, inangotsitsa voliyumu kuti mumve chomwe chinalipo.

Ine ndimazifanizira ndi adzukulu pa maliro. Amaseketsa anthu, amatengera mayendedwe a malemu, anthu nkumaseka misozi ili mmaso, ndipo palibe amene amaganiza kuti poti pali kuseka ndiye kuti palibe maliro. Koma ikafika nthawi yotsitsa bokosi aliyense amakhala chete. Episodi 24 ndi nthawi imeneyo.

Ndipo taonani mmene anaipangira. Mutu wake pa Chingerezi anaulemba kuti For You, I Could Die, ndiye kuti chifukwa cha inu ndikhoza kufa, mawu amene Excel wakhala akuwanena mnjira zosiyanasiyana chiyambire ife nkumawatenga ngati kubwebweta. Excel wapulumuka koma waiwala zonse, olo dzina lake. Mtsikana amene pakamwa pake sipatsekeka wakhala chete, akuyankhula pang'onopang'ono, akuyenda ngati munthu wosadziwa kolowera. Amene amamuyankhulira mu Chijapani ndi Kotono Mitsuishi, yemweyo wa Usagi mu Sailor Moon ndi Misato mu Evangelion, mayi amene kwa theka la chaka amathamangitsa mawu pa liwiro loti ma sabutaito amalephera kumutsatira. Nde kumumva akupuma pakati pa mawu, zimenezo zokha zimakuuza kuti china chake chathyoka. Takehito Koyasu amene amayankhulira Il Palazzo sanasinthe kwambiri mawu ake, ndi ozama omwe aja aulemu omwe aja, koma poti palibenso nthabwala yomufewetsa ngati zija zoti ali yekha amasewera gemu ya zibwenzi kapena kuyeserera gitala, ukungoona munthu wozizira mtima wokhala ndi mphamvu. Kwa ine iyi ndi episodi yabwino kuposa onse mu katuni yonseyi, ndipo ndikudziwa kuti ambiri okonda Excel Saga sangagwirizane nane, amati imachedwa, amati sanabwerere zimenezo. Ndimawamvetsa. Koma popanda 24 ine bwenzi nditaiwala Excel kalekale ngati mmene ndaiwalira makatuni ena ambiri ophokosera a nthawi imeneyo.

Mwina mufunsa kuti bwanji sanangotsatira mathero a manga. Analibe. Manga ya Rikdo inkatuluka mu magazini ya Young King OURs ndipo inapitirira mpakana 2011, mabuku 27, pomwe katuni inaulutsidwa kuyambira pa 7 October 1999 mpaka pa 30 March 2000. Ndiye kuti nthawi yomwe amapanga katuniyi nkhani ya mmabuku inali isanafike olo theka. Opanga anayenera kupeka njira yawo, ndipo nchifukwa chake muli anthu omwe nkhani yawo ndi ya mu katuni mokha, monga Pedro, mdani wake That Man, komanso Nabeshin wa tsitsi la afro ndi jekete yofiira uja. Nabeshin ameneyo ndi dailekitala mwini wake, dzinalo angodula Watanabe Shinichi nkulumikiza, ndipo amadziyankhulira yekha. Apa ndichenjeze chifukwa anthu amasokoneza kwambiri, Shinichi Watanabe wa Excel Saga si Shinichiro Watanabe wa Cowboy Bebop, ndi anthu awiri osiyana, maina okha ndi amene afanana.

Kanthu kena kokoma komwe ambiri sakadziwa, F City ndi Fukuoka, mzinda wa ku chilumba cha Kyushu, ndipo maina ambiri anatengedwa mmenemo. Excel, Hyatt ndi Il Palazzo ndi maina a mahotela, ACROSS inachokera ku ACROS, chinyumba chachikulu cha pakati pa mzinda chomwe mbali ina chili ngati masitepe odzala mitengo, Sumiyoshi ndi Ropponmatsu (loboti wa ku khonsolo) ndi maina a madera. Nde kwa munthu wa ku Fukuoka, mzinda womwe ukuphwasulidwa pa 22 ndi kwawo.

Za episodi 25 sindikuuzani mmene ikuthera poti simunaonere, ndingokukonzekeretsani. Amenewa ndi mathero enieni a nkhani, ndi pomwe anthu oonera pa TV ku Japan anatsanzikana nayo. Zingwe zonse zomwe zimaoneka ngati zosakhudzana zimakumana, ya Pedro ndi mwana wake Sandora ndi Nabeshin kulimbana ndi That Man, ya anyamata a ku khonsolo mu masuti awo ankhondo a Daitenzin kulimbana ndi ACROSS, ya Watanabe ndi chikondi chake pa Hyatt, ndi ya Excel ndi bwana wake. Nthabwala zimabwerera, makamaka mbali ya Nabeshin, koma mbali ya Excel imakhalabe yolemera mpaka kumapeto. Pali funso limodzi lomwe muliyang'anire, loti munthu amene wawomberedwa ndi yemwe amamukhulupirira, akakumbukira zonse, abwerera kapena ayi, ndipo akabwerera akubwerera ngati kapolo kapena ngati munthu wosankha yekha. Anthu amatsutsana pa yankho lomwe katuniyi inapereka. Ine pali mbali yomwe imandisowetsa mtendere, chifukwa kukhulupirika kotere mmoyo weniweni kumapha anthu, ndipo sindikufuna mtsikana aliyense aziona Excel ngati chitsanzo cha mmene chikondi chimakhalira. Koma ngati mathero a nkhani ya munthu ameneyu, mmene tamudziwira kuyambira pa geti ya sukulu paja, ndi oona, sanamunamizire kukhala munthu wina pofuna kutisangalatsa.

Tsopano 26. Mutu wake ndi Going Too Far, kupyola muyeso, ndipo sinaulutsidwe pa TV Tokyo nthawi imeneyo, inatulukira pa makaseti ndi ma DVD ogulitsa. Nchifukwa chake pena mukuona 25 pena 26, onse akunena zoona, wina akuwerenga zomwe zinaonetsedwa wina zomwe zinapangidwa. Ndipo musamve zoti inaletsedwa mwangozi ngati kuti anaipanga bwinobwino kenako akuluakulu nkuikana. Anaipanga dala kuti isatheke kuulutsidwa, mpaka kutalika kwake anapyoletsa nthawi yomwe episodi imapatsidwa pa TV.

Kuti mumvetse chifukwa chake munthu angachite zimenezi muyenera kudziwa zinthu ziwiri za nthawi imeneyo. Choyamba ndi ndalama. Makatuni ngati awa amaulutsidwa pakati pa usiku anthu ambiri atagona, ndipo phindu lenileni silimachokera pa TV, limachokera kwa okonda kwambiri amene amagula makaseti ndi ma disiki pa mtengo wokwera, disiki imodzi ma episodi ochepa chabe. TV inali ngati kulengeza malonda. Nde kuika episodi yomwe sungaipeze kwina kulikonse pa disiki yomaliza ndi njira yoti munthu agule mpaka kumapeto. Chachiwiri ndi malamulo a siteshoni. Pa 16 December 1997 episodi ina ya Pokémon pa TV Tokyo yomweyi inali ndi kuwala kothwanima mofulumira, anthu opitirira 600, ambiri ana, anatengeredwa ku chipatala, pulogalamuyo nkuimitsidwa miyezi inayi. Nthawi imeneyo siteshoniyi inali yosamala kwambiri pa zomwe ikuonetsa, moti mu 1998 Cowboy Bebop pa ma episodi ake 26 inangoonetsa 12 ndi ina yapadera imodzi, yonse inakaonetsedwa pa siteshoni ina ya WOWOW. Excel Saga yabwera chaka chotsatira pa siteshoni yomweyo. Ndiye anthu amene kwa miyezi isanu ndi umodzi amauzidwa kuti magazi achepe, ichi bisani, icho musanene, atapatsidwa episodi imodzi yopanda woyang'anira anatsanulira zonse mmenemo.

Ndipo zimaoneka kuyambira pa nyimbo yotsegulira, yomwe anaijambulanso ndi magazi ochuluka ndi umaliseche. Imayamba ngati sewero loimba, anthu onse akuimba mmalo moyankhula, kenako Excel ndi Hyatt asinthana matupi, kenako zogonana, zachiwawa, mpaka Hyatt atsokomola magazi osefukira dziko lonse. Muli nthabwala imodzi yomwe ndimaikonda ndi mtima wonse, ya nyimbo yotsekera. Ma episodi onse mwakhala mukuona Menchi ali pa siteji akuimba mokuwa nyimbo yachisoni yoti akudziwa kuti adyedwa, mayi wina ali pakona akumasulira mu Chijapani. Pa 26 asinthana, mayi uja ndi amene akuimba, Menchi ali pakona akumasulira mchigalu. Imeneyo ndi nthabwala yomwe inadikira masabata 25 kuti ipse, ndipo ndi mtundu wa nzeru womwe katuniyi ili nawo ikafuna.

Koma ndinene chilungamo, 26 yonse ine sindiikweza ngati mmene ena amachitira. Mbiri yake ndi yaikulu kuposa iyo. Nthabwala zambiri mmenemo mphamvu yake ndi yoti siziloledwa basi, ukachotsa kuletsedwako palibe chotsala, pomwe ma episodi ngati a bowling kapena a ku America amaseketsa chifukwa anawaganizira. Ndipo muli mbali ina yomwe amaseweretsa nkhani zogonana pa munthu wooneka ngati mwana, kenako nkupereka chifukwa chodzikhululukira, ine zimenezo sizindiseketsa ndipo sindikuona kuti kunena kuti tikupyola muyeso dala kumachotsa vuto lake. Ndikunena izi ngati munthu wokonda katuniyi. Mukhoza kuidumpha osataya kalikonse ka nkhani, ndipo ngati mukufuna kuionera kuti mudziwe chomwe anthu amakamba, musaionere usiku womwewo mwamaliza 25. Anthu a ku Japan amene anaonera pa TV anakhala ndi mathero a 25 kwa kanthawi asanaone 26. Inu pa fulashi ma failo angondondozana, pleya imangolumphira yotsatira, nde mphindi imodzi uli ndi chotupa pakhosi mphindi inayo magazi ali thoo pa sikirini, zimafufuta zomwe 24 ndi 25 anamanga. Ine ndinachita cholakwika chimenechi ndipo zinanditengera kuoneranso kachiwiri patapita zaka kuti ndimve kulemera kwa 25. Siyani padutse masiku angapo.

Pa nkhani ya azing'ono anu ndibwereze ndi zifukwa. Timakonda kuganiza kuti chilichonse chojambulidwa ndi cha ana, koma iyi inapangidwira akuluakulu oonera usiku, ndipo olo ma episodi 25 a pa TV muli mfuti, magazi, nthabwala za matupi a akazi ndi zina zomwe mwana sakuyenera kumafunsa tanthauzo lake. Komanso sangaimve kukoma, chifukwa theka la nthabwala zake likuseka makatuni ndi mafilimu a mma 1970 ndi 1980 omwe iwo sanaonepo. Ngati fulashiyo imazungulira mnyumba, 26 ichotsenimo muisunge pena. Mukamva za Puni Puni Poemy, ma episodi awiri omwe dailekitala Watanabe yemweyu anapanga mu 2001 kuchokera pa kanthabwala ka mu Excel Saga, dziwani kuti ndi mzimu wa 26 kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ku New Zealand inaletsedwapo, ndipo ine sindikulimbikitsani kuifuna. Ngati mukufuna katuni ya misala yofanana yomwe simungachite nayo manyazi pabalaza, Nichijou ya Kyoto Animation ya 2011 ndi yabwino, nayonso ma episodi 26, nayonso kumapeto imafatsa nkuyamba kukhudza mtima pa nkhani ya Nano mtsikana wa loboti ndi chikiyi cha kumsana kwake, koma imachita zimenezo mofewa popanda kuwombera munthu.

China chomwe chingakhale chikukusokonezani ngati kope lanu ndi la mawu a Chingerezi. Kampani ya ADV Films itamasulira katuniyi ku America, Jessica Calvello anayankhulira Excel ma episodi 13 oyamba mpaka mawu ake anavulala chifukwa cha kukuwa ndi liwiro lija, Larissa Wolcott nkutenga malo kuyambira pa 14. Nde ngati munamva ngati Excel wasintha mawu pakati, simunalote, koma kusintha kumeneko nkwa ku America, sikukhudzana ndi zomwe zikuchitika pa 23 ndi 24. Ngati failo yanu ili ndi mawu a mitundu iwiri, ma episodi atatu awa, 23, 24 ndi 25, aikeni pa Chijapani ndi ma sabutaito. Sikuti Wolcott sanachite bwino ayi, koma Mitsuishi ndi amene anayenda ndi Excel kuyambira pa lole ija, ndipo kutsika kwa mawu ake kumamveka kwambiri ukakhala kuti unamumva akukwera.

Musanatsegule 25 chitani kanthu kamodzi, sikatenga olo theka la ola. Bwererani pa episodi 1, muonenso pomwe Il Palazzo akumuwombera koyamba ndi mmene Excel akudzukira akumwetulira, kenako mulumphire mphindi zomaliza za 23. Mukatero pitirizani 24 kachiwiri ngati mtima ukulola, ulendo uno osadikira nthabwala, muzingomvetsera mmene akupumira. Ndipo mu 25 muyang'anitsitse chingwe chija ndi dzenje lija, mukamaliza mundilembere kuti munaziona bwanji.